Dzuwa n'laulere, koma ulere wake umathera pakhoma

Pa 16 Meyi 2024, tsiku lomwe bungwe la UNESCO linapatula kuti anthu azikumbukira kufunika kwa kuwala, kunamveka kuti katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Spain, Alberto Campo Baeza, wapata mphoto ya The Daylight Award. Mphotoyi imaperekedwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana amapatsidwa mayuro 100,000 chifukwa cha chinthu chimodzi basi: kudziwa kulowetsa bwino kuwala kwa masana m'nyumba zomwe amajambula. Ndalama ina yofanana nayo imapita kwa wasayansi wofufuza za kuwala komweko, ndipo chaka chimenecho inagwera Till Roenneberg wa ku Germany. Nkhaniyi itafika pagulu lathu la pa WhatsApp, momwe muli amisiri omanga, mainjiniya ndi ife ena ongokonda kulowerera zosatikhudza, panabuka mtsutso womwe mpaka lero umafukabe utsi. Mkulu wina analemba kuti, "Anzathuwa ndalama zawachulukira, dzuwatu n'laulere. Mawa mumva kuti apereka mphoto kwa munthu amene watulukira kuti mvula imanyowetsa." Ambiri anaseka. Ine sindinaseke nawo, ndipo maganizo anga ndi awa: mphotoyi ndi yoyenera, ndipo oyenera kuitchera khutu kwambiri si a ku Denmark komwe inachokera, koma ife amene dzuwa limatiwamba chaka chonse koma timamanga zipinda zamdima ngati mapanga.

Ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndi maso angawa. Achemwali anga amaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina ya pulayimale kumudzi, ndipo Januwale wina ndinakawapeza ali m'kalasi. Buloko yake inali yatsopano, penti akadanunkha, malata ali ngwee. M'malo mwa mawindo, makoma anawaika mabuloko a simenti aja okhala ndi timabowo tamaluwamaluwa, omwe tonse tinawazolowera m'sukulu zathu. Nthawi inali cha m'ma 10 koloko m'mawa, kunja kuli mitambo ya mvula. Nditalowa ndinayamba ndaima pakhomo kuti maso azolowere, ngati munthu wolowa m'balani ya fodya. Ana a kutsogolo ankaona bolodi. A kumbuyo ankangokopera kwa anzawo, mphuno zili pafupi ndi kope ngati akulinunkhiza. Mvula itayamba kuwomba cham'mbali anatseka chitseko, ndipo zolemba za choko zinangozimiririka. Achemwali anawomba m'manja n'kunena kuti, "Tsekani makope, lero tiloweza pakamwa." Pobwerera kunyumba anandiuza kuti kukakhala kopanda mvula amawatulutsa anawo kukaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, mtengo womwewo womwe buloko ija inamangidwa kuti iwachotseko.

Choncho mkulu uja sananame ponena kuti dzuwa n'laulere, koma anaiwala kuti ulere wakewo umathera pakhoma. Akatswiri amayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa lux. Dzuwa likamaswa mtengo, panja pamafika lux pafupifupi 100,000, pomwe kuti mwana awerenge ndi kulemba mosavutika pamafunika lux 300 mpaka 500. Kutanthauza kuti mutagawa kuwala kwa panja m'magawo 200, gawo limodzi lokha likanawakwanira ana a achemwali anga. Kulephera kulowetsa kachigawo kakang'ono chotere sikungakhale umphawi ayi, n'kulakwitsa kwa pa pepala. Kuwala kwa m'chipinda kumadalira zinthu zomwe munthu amasankha njerwa yoyamba isanayalidwe: windo layang'ana kuti, lakwera kufika pati, chipinda chatalika bwanji kuchoka pawindopo, khoma lapakidwa laimu kapena lasiyidwa lotuwa ndi simenti. Ojambula mapulani ali ndi kalamulo kawo koti kuwala kothandiza kumalowa m'chipinda mtunda wa pafupifupi kawiri msinkhu wa pamwamba pa windo. Ndiye windo lalifupi m'chipinda chachikulu limaunikira okhala m'mphepete okha, apakati n'kutsala mumdima. Ngati chinthu chingachitidwe bwino kapena molakwika, ndipo kulakwikako kukhala zaka makumi anayi kukuzunza anthu, ndiye kuti chinthucho ndi luso. Luso lililonse limene timafuna kuti lipite patsogolo timalipatsa ulemu, kaya ndi la mpira, kaya la ulimi wa chimanga.

Koma otsutsa sanathere pa nthabwala ya mvula ija. Injiniya wina anabweretsa mfundo yolemera ndithu, yoti tione kaye komwe ndalamayo ikuchokera. Mphotoyi inakhazikitsidwa ndi mabungwe atatu othandiza anthu, a Villum Fonden ndi Velux Fonden a ku Denmark komanso Velux Stiftung la ku Switzerland. Onsewa gwero lawo ndi chuma cha Villum Kann Rasmussen, injiniya amene mu 1941 anayambitsa bizinesi yomwe lero imadziwika ndi mawindo a padenga a VELUX. Funso lake linali lakuti: wogulitsa maambulera akamatamanda mvula, timvetsere ngati ulaliki kapena ngati malonda? Funsoli n'labwino, ndipo sindikana kuti kampani yopanga mawindo imapindula dziko likamakonda kuwala. Komabe tikati tiyese mphoto ndi thumba lomwe yatulukamo, titsala ndi mphoto zochepa kwambiri. Ya Nobel inachokera ku chuma cha munthu amene analemera ndi zophulitsira miyala. Ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu koposa kwa ojambula mapulani a nyumba, imalipiridwa ndi banja la eni mahotela a Hyatt, koma palibe amene amati opambana ake amasankhidwa kuti adzaze zipinda zogona alendo. Chofunika kufunsa ndi ichi: ndalamayo ikatuluka m'thumbamo imapita kwa ndani, ndipo wachita chiyani?

Tikayang'ana mayina a olandira, nkhani ya malonda ija imafooka. Woyamba kulemekezedwa ndi mabungwewa, mu 1980, anali Jørn Utzon, amene dziko limamudziwa ndi nyumba ya zisudzo ya Sydney Opera House ku Australia, koma amene kwawo anamanganso tchalitchi cha ku Bagsværd chomwe kuwala kwake kumalowera kumwamba n'kutsetsereka pa siling'i yopindikapindika ngati mitambo. Mu 2018 mphoto inapita kwa Hiroshi Sambuichi wa ku Japan, amene pachilumba cha Inujima anasandutsa fakitale yakale yoyengera kopa kukhala nyumba yoonetsera zaluso, n'kugwiritsa ntchito chumuni chakale cha fakitaleyo kukoka mpweya m'malo mwa makina oziziritsira. Chaka chomwecho mbali ya kafukufuku inapita kwa Greg Ward wa ku America, amene analemba pulogalamu ya pakompyuta ya Radiance, yothandiza kuona momwe kuwala kudzagwere m'chipinda chomwe sichinamangidwe n'komwe. Mu 2022 anapata ndi amayi awiri a ku Ireland, Yvonne Farrell ndi Shelley McNamara, odziwika ndi nyumba za mayunivesite ku Milan ndi ku Lima. Mwa anthu onsewa palibe amene anatchuka chifukwa chodzaza madenga ndi katundu wa kampani ija. Ngati uku n'kutsatsa malonda, ndiye n'kutsatsa kozungulira kwambiri.

Mfundo ina, yomwe imatigwira mtima msanga ife a kuno, ndi yoti zonsezi ndi zosangalatsa anthu okhuta. Akuti matchalitchi okongola ndi nyumba zoonetsera zaluso zili ndi phindu lanji kwa munthu amene akusowa malata? Ndikumvetsa komwe mawuwa akuchokera, ndipo ndikuvomera kuti ena mwa opambana ntchito zawo ndi za anthu a ndalama. Koma taonani Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal a ku France, omwe analandira ulemuwu mu 2011. Vassal atangomaliza maphunziro anakagwira ntchito zaka zingapo ku Niger, komwe anaona anthu akumanga mthunzi ndi mitengo ndi udzu basi, ndipo awiriwa amanena poyera kuti kumeneko n'komwe anaphunzira kumanga zambiri ndi zochepa. Ntchito yawo yotchuka kwambiri si nyumba ya mfumu ayi. Ndi midadada itatu yaitali ya nyumba za lendi za anthu wamba ku Grand Parc mumzinda wa Bordeaux, momwe munali mabanja 530. M'malo mogwetsa midadadayo, iwo pamodzi ndi anzawo anachotsa timawindo tating'ono takale, n'kuika zitseko zagalasi, n'kuwonjezera kutsogolo kwa nyumba iliyonse khonde lotchingidwa lakuya mamita oposa atatu. Ntchitoyi inatha mu 2017, alendi osasamutsidwa ngakhale pomwe amisiri anali pakalikiliki. Omwe anapindula ndi kuwalako ndi anthu opeza mochepa.

Ndipotu mbiri imatiuza kuti mdima nthawi zonse umagwera wosauka. Ku England kunali msonkho wa mawindo kuyambira 1696 mpaka 1851: nyumba ikachuluka mawindo, msonkho unkakweranso. Eni nyumba za lendi anayamba kutseka mawindo ndi njerwa, ndipo ovutika anali alendi a m'mizinda, mpaka madokotala anadzudzula msonkhowo kuti ukudwalitsa anthu. Ife msonkho wotere tilibe, koma zotsatira zake tili nazo. Ndinakhalapo zaka zitatu m'nyumba ya mdadada mu Lilongwe, ya chipinda ndi balaza. Nditalowa kumene, windo la kuchipinda linkayang'ana pa kamunda ka chimanga. Chaka chisanathe, mwini poloti yoyandikana nayo anamanga mdadada wake, khoma lake n'kuima pafupi kwambiri moti ndikatulutsa mkono pawindo ndinkalikhudza. Kuyambira tsiku limenelo babu inkayaka masana onse, zovala mu sutikesi zinachita nkhungu, ndipo magetsi akathima ndinkafunafuna sokosi ndi tochi ya pafoni dzuwa lili paliwombo. Lendi sinatsike ngakhale ndi tambala imodzi. Wolemera akasowa kuwala amagula poloti ina. Wosauka amagula mayunitsi. Kunena kuti kuwala kwa masana ndi nkhani ya okhuta n'kuitembenuza nkhaniyo chadodolido.

Tsopano ndifike pa mfundo yomwe ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse, ndipo inachokera kwa mmisiri amene wamanga nyumba zambiri ku Chigwa cha Shire. Iye anati walira mvula walira matope: ukaitana kuwala waitananso kutentha. Ku Copenhagen mu Disembala dzuwa limaoneka maola pafupifupi 7 okha, ndipo limayenda cham'munsi ngati likuchita manyazi, ndiye n'zomveka kuti anthu a kumeneko alipembedze. Kuno usana sutsika kwenikweni pa maola 11 chaka chonse, ndipo mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa munthu safuna dzuwa, amafuna pobisala. Anawonjezera kuti windo lalikulu ndi galasi lodula, ndi khomo la mbava, ndi njira ya udzudzu, ndipo pasukulu ndi chandamale cha mpira wa ana. Mabuloko a timabowo aja sanabwere chifukwa cha umbuli ayi: sasweka, sabedwa, safuna zitsulo zotchingira, ndipo mphepo imadutsa. Anamalizira ndi kuloza nyumba zina za maofesi m'mizinda yathu zomwe zavala magalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba potengera za kunja, m'kati mwake makatani ali chitsekere tsiku lonse, mababu akuyaka, makina oziziritsira akulira. Zonsezi ndi zoona, ndipo amene angazikane sanakhalepo m'nyumba ya malata opanda siling'i mwezi wa Novembala.

Koma chomwe mfundoyi ikutsimikiza si choti mphotoyi ndi yopanda pake. Ikutsimikiza kuti kuno ntchito yake ndi yovuta kuposa ku Denmark, choncho ikufunika nzeru zochuluka, osati zochepa. Pali kusiyana pakati pa dzuwa ndi kuwala. Dzuwa ndi lija limalowa ngati mkondo, kugwera pa desiki, kutentha mkono ndi kuthobwa m'maso. Kuwala ndi kuja kumachokera kuthambo lonse, kapena kumanjanja pakhoma loyera ndi pansi pa khonde, n'kulowa kofatsa kopanda ukali. Luso lagona pa kutsekereza choyambacho n'kulola chachiwiricho. Dziko lathu lili kummwera kwa equator koma osati kutali, ndiye masana dzuwa limadutsa pamwamba kwambiri: mu Juni limapendekera kumpoto, mu Disembala kummwera pang'ono, ndipo ku Lilongwe limafika paliwombo penipeni kawiri pachaka, cha kumapeto kwa Okutobala ndi mu Febuluwale. Kutanthauza kuti windo loyang'ana kumpoto kapena kummwera limatetezedwa mosavuta ndi denga lotulukira kunja pang'ono. Lovuta ndi windo la kuzambwe, lomwe limalandira dzuwa lotsika la masana kupita kumadzulo, lija palibe denga lingalitchinge. Ndiye kungoitembenuza buloko ya sukulu kuti makoma ake aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera kumachotsa gawo lalikulu la vuto, ndipo sikuwonjezera thumba la simenti ngakhale limodzi. Kukweza mipata ya kuwala kufika pafupi ndi denga, komwe mpira ndi dzanja la mbava sizifika msanga komanso komwe mpweya wotentha umatulukira, ndi nzeru ina yosadula. Laimu pakhoma ndi ina. Makolo athu anali nako kale kumvetsa kumeneku: nyumba yogona inali yamdima ndi yozizira chifukwa inali yogonamo basi, pomwe kusoka mphasa, kusankha nyemba ndi kuweruza milandu zinkachitikira pakhonde kapena pansi pa mtengo, pamthunzi wowala. Ife tinalowetsa moyo wonse m'nyumba, sukulu, chipatala, ofesi, telala ndi makina ake, koma khonde lija tinalisiya panja.

Umboni woti zimatheka kumalo otentha ulipo. Diébédo Francis Kéré anakulira m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa kwathu kuno, ndipo amasimba kuti ali mwana anaphunzira m'kalasi lotentha, lamdima, lodzaza ana. Akuphunzirabe ku Berlin anabwerera kukamanga sukulu ya pulayimale kwawoko, yomwe inatha mu 2001. Makoma ndi a njerwa za dothi la pomwepo. Malata anawakweza pamwamba pa zitsulo kuti asakhudze siling'i, mphepo izidutsa pakati, ndipo denga linatulukira kunja mokwanira kuphimba makoma. Mawindo ndi aatali, okhala ndi zotsekera za timipata zolola kuwala ndi mphepo koma zobweza dzuwa. Pomanga laibulale ya pasukulupo, anthu a m'mudzimo anabweretsa miphika yadothi, anaidula, n'kuiika m'denga kuti ikhale timabowo tolowetsa kuwala. Sukuluyi inapata mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira Pritzker. Ngakhale kwathu konkuno chitsanzo chilipo: nyumba zodikirira amayi oyembekezera zomwe bungwe la MASS Design Group linajambula ku Kasungu, zomwe zinatha mu 2015, si holo imodzi yaitali yamdima ayi, koma timanyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, ta madenga otambalala, momwe amayi amakhala masana pamthunzi akuona zomwe akuchita.

Achinyamata a pagulu lathu lija anali ndi yankho lawolawo, lachidule: nkhani yonseyi yatha ntchito chifukwa kunabwera sola ndi mababu a LED. Ikani panelo imodzi padenga, mdima watha. Pa mfundo iyi sinditaya nthawi yambiri. Sola ndi dalitso, ndipo usiku palibe windo lingapikisane nayo. Koma panelo imagulidwa, batire imafa pakapita zaka zingapo, waya amabedwa, ndipo pasukulu ya kumudzi chinthu chikafa chimatha zaka chili chifere. Windo loikidwa pamalo oyenera silifuna wokonza. Za magetsi a m'mawaya tonse tikukumbukira zomwe zinachitika mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Masiku amenewo ofesi ya mawindo abwino inkagwira ntchito, ya mdima inkadikira jenereta. Kutenga dzuwa padenga, kulisandutsa magetsi, kuwasunga mu batire, kenako n'kuyatsa babu 12 koloko masana kuli ngati kugula madzi a m'botolo uli m'bwato pakati pa nyanja ya Malawi. Makaniko wina wa ku Brazil, Alfredo Moser, anaziona izi mu 2002 magetsi akuvuta kwawoko: anadzaza botolo lapulasitiki ndi madzi, n'kuthiramo mankhwala oyeretsera zovala pang'ono kuti musamere ndere, n'kulilowetsa pabowo la denga. Botololo linawalitsa chipinda ngati babu, ndipo nzeruyi inafalikira mpaka ku Philippines.

Palinso china chomwe babu singapereke mokwanira, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti anachita bwino kuika asayansi pambali pa ojambula mapulani. Russell Foster wa ku Oxford, amene anapata mphotoyi mu 2020, ndi anzake anaonetsa kuti m'diso muli timaselo tina tomwe ntchito yake si kuona zinthu, koma kuuza ubongo kuti kunja kwacha kapena kwada. Anapeza kuti mbewa zopanda maselo oonera zinkatsatirabe usana ndi usiku. Timaselo timeneti ndi tomwe timakonza wotchi ya m'thupi, yolamulira tulo, njala ndi mphamvu, ndipo timafuna kuwala kwamphamvu kuposa kwa babu wamba. Anna Wirz-Justice wa ku Basel, wopambana wa 2022, anathera zaka zambiri akufufuza momwe kuwala kungachizire matenda a kukhumudwa. Ku Taiwan, ana ambiri atayamba kuvutika kuona patali, boma linalimbikitsa kuyambira 2010 kuti ana a sukulu azikhala panja mphindi 120 tsiku lililonse, ndipo vutolo linayamba kutsika. Ndisanamize munthu: windo silingalowe m'malo mwa bwalo lamasewero. Koma namwino amene amalowa m'chipinda chopanda windo m'mamawa n'kutulukamo kutada, kapena mtsikana wa mu shopu ya m'kati mwa msika amene dzuwa amaliona Lamulungu lokha, thupi lake likulipira kanthu kena komwe sikalembedwa pa bilu ya magetsi.

Pali mfundo imodzi yomwe ndikugonja. Mukawerenga mayina a opambana kuyambira Utzon mpaka Campo Baeza, mupeza a ku Ulaya, a ku America ndi a ku Japan. Wa mu Africa mulibe, wa ku India mulibe. Mphoto yonena za dzuwa yomwe pofika 2024 inali isanafike kumaiko komwe dzuwa lili ndi ukali wake wonse ikuona ndi diso limodzi, ndipo oweruza ake ayenera kuuzidwa zimenezi mosapsatira. Kukokera kuwala kochepa m'nyumba ya kumalo ozizira ndi luso, inde, koma kusefa kuwala kochuluka popanda kuphika anthu, ndi ndalama zochepa, ndi luso loposa pamenepo. Komabe mankhwala a diso limodzi si kukolowola lotsalalo. Ndipo ifenso sitiyenera kukhala chete kudikira kuti a ku Copenhagen atikumbukire. Tili ndi bungwe la Malawi Institute of Architects, tili ndi ophunzira zojambula mapulani ku yunivesite ya MUBAS mu Blantyre. N'chiyani chingaletse kuti chaka chilichonse tizilemekeza kalasi, wodi ya chipatala kapena nyumba ya lendi yomwe munthu angawerengemo nyuzipepala pakona iliyonse masana popanda babu, komanso osatuluka thukuta mu Okutobala? Sipafunika mayuro 100,000. Chikho, chithunzi m'nyuzipepala ndi dzina la mmisiri wake zingakwanire kuti ena ayambe kufunsa kuti mnzathuyu anatani.

Chaka chatha ndinayamba kumanga kanyumba kanga. Tsiku lokhoma zikhomo, amisiri anafika ndi chingwe chawo n'kuyamba kuyeza molunjika msewu, monga amachitira aliyense. Ndinawafunsa kuti, "Kodi amisiri, dzuwa limalowera mbali iti pano?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa mtundu wa nsapato za agogo awo. Analoza ndi chibwano kutsidya la msewu, komwe mawindo aakulu a pabalaza ndi a kuchipinda chogona amayenera kuyang'ana. "Bwana, nyumba imayang'ana kumsewu," anatero. "Anthu azidziwa bwanji kuti mwamanga?" Tinakambirana mpaka chingwe chinazulidwa, koma tinasiyana osagwirizana. M'mawa mwake ndinalawirira ndipo ndinawapeza afika kale, ataima pa chulu manja ali m'thumba, akuyang'ana komwe dzuwa likutulukira. Zikhomo anali atazisuntha. Anandiuzanso okha kuti mawindo awakweza ndi mizere itatu ya njerwa, ndipo khonde la kumpoto alitulutsa pang'ono, bola ndiwonjezere malata anayi. Akukulunga chingwe anati, "Zatheka bwana. Koma apongozi anu akadzafunsa chifukwa chake nyumba yafulatira msewu, mudzayankhe nokha."